Denga la Apongozi

Lamulo la m'mudzimu ndi losavuta. Nyumba iliyonse ili ndi kabokosi ka netiweki padenga, kolandira uthenga kwa mnansi n'kuupatsira mnansi wina. Kabokosi kakakhala chete masiku atatu, nyumbayo imafufutidwa m'kaundula, ndipo mjigo umaimana madzi.

Lunguzi sankaopa zimenezi. Munthu woti anaimika nsanja za netiweki ku Tete, ku Ndola mpaka ku Joni angaope kabokosi? Mudzi wonse anaulumikiza yekha, denga ndi denga, ndipo timabokosito timangomvera chala chake. Wina akatikhudza timazimiratu.

Koma mphepo inapotoza kabokosi ka apongozi ake, ndipo tsiku lachiwiri kanyali kake kanali kofiirabe.

"Nagama, kawauze mayi ndikwere," anauza mkazi wake. "Mphindi ziwiri basi."

Nagama anabwerako akupukusa mutu. "Akuti mkamwini sakwera pamwamba pa mutu wawo. Bola ludzu."

Lunguzi anakwera denga lake lomwe. Anatembenuza kabokosi kake pang'onopang'ono, kukasunthako pang'ono kuchoka kwa a Gondwe, mnansi wawo, kumene uthenga umachokera, kukalozetsa kwa apongozi. Kanyali kawo kanasanduka kobiriwira. Kake kanayamba kuphethira, poti uthenga unali utafooka.

"Waona? Nyumba ziwiri pa ulusi umodzi! Ku Joni akanandiombera m'manja."

"Nanga mvula ikagwa, bambo, ulusiwo upirira?"

Lunguzi anayang'ana mitambo yakuda imene inkaunjikana kum'mawa. Anatsika makwerero.

"Dzaza ndowa zonse," anatero. "Za mayinso."