Shuga wa Bwana Ghassan

"Rula, tandipatsirako shuga," anatero Ghassan, mkulu wa opanga mapulogalamu a pakompyuta pakampani ina ku Amman.

Rula, mmodzi wa opanga mapulogalamuwo, anatenga shugayo n'kutuluka naye. Anatsika masitepe, anazungulira nyumba yonse, ndipo anabwerako tiyi atazizira.

"Wapenga kodi? Shuga anali pomwepa!"

"Nanga si nzeru zanu, bwana? Zigawo ziwiri za pulogalamu yathu zili m'kompyuta imodzi, koma munalamula kuti zizilankhulana kudzera pa netiweki ngati china chili ku Dubai. Makasitomala atopa n'kudikira, atithawa."

Ghassan anamwa tiyi wozizirayo. Masana anakonza pulogalamuyo, ndipo inayamba kuthamanga.

Kenako anaganiza zothokoza Rula, yemwe amakhala naye desiki imodzi. Anamutumizira imelo.