Nzama Zathu Pamaso pa Makina

Lamulo likuti mbewu imene makina a zaulimi sanaione bwino pachithunzi isadzalidwe. Nzama zathu zinakanidwa kawiri, poti njere inkaoneka kutsogolo kokha, kumbuyo kuli chimbuuzi.

Lero alamu anga a Nagama anamangirira kamera pa kachitsulo kopotoza ka makina osokera. Akapotoza, kamera inkasendera pang'ononong'ono, iwo n'kujambula. Ankafuna zithunzi makumi anayi zoti aziphatikize chikhale chimodzi.

"Mlamu, pasagwedezeke kanthu," anatero. "Ngakhale mtondo wa aneba uime."

Mtondo ndinakauimitsa. Koma mwana kumsanaku anayamba kutakataka. Ndinamuyamwitsa chiimire, osapuma n'komwe.

A Nagama ataphatikiza zithunzi zija n'kutumiza ku makina a zaulimi, foni yawo inalira kuti nzama zavomerezedwa. Pachithunzipo kamzere kalikonse ka njereyo kankaoneka, luso la manja a alamu angawa!

"Pumanitu tsopano," anaseka a Nagama. "Khasu lili kuseriko."