Mayi Akunyumba Akuti Tigule

Aphunzitsi anaika cheke patebulo n'kuchisalaza ndi chikhatho ngati akusita malaya.

"Nyumba ija ndagulitsa," anatero. "Zonsezi tiike ku matchipi."

Mlangizi wa zachuma sanachikhudze chekecho. Anali atagulitsa masheya zaka khumi ndi zisanu mu ofesi yomweyi, ya zenera limodzi ndi fani yolira ngati nkhuku yachitopa, ndipo nkhope ya munthu amene akukankhidwa ndi wina ankaidziwa.

Aphunzitsi anapuma ntchito kalekale. Ankabwera Lolemba lililonse m'mawa, jekete lomwelomwelo, nsapato zopolishidwa mpaka kudziwonerapo. Anayamba pang'onopang'ono. Poyamba anagula masheya a kampani yoyenga mchenga woyera umene amapangira matchipi, tizidutswa tating'ono ngati chikhadabo timene timayendetsa makina oganiza ngati munthu. Kenako a kampani yosema tizidutswato. Kenako a yopanga zoziziritsira nyumba zikuluzikulu mosungiramo makinawo.

"Dzina lokha ndiye tchipi," ankatero akuseka, "koma kutchipa ayi."

Nthawi iliyonse asanasaine ankapita pazenera, foni kukhutu, n'kunong'ona kwa kanthawi. Pobwerera ankamwetulira ngati mnyamata amene wangololedwa kumene. "Mayi akunyumba akuti tigule."

Mayi amenewo Mlangizi anali asanawaonepo, koma ankadana nawo. M'mutu mwake anali atawajambula kale: mayi wa zibangili, wokhala pasofa, wotuma nkhalamba kukaponya thukuta lake m'madzi.

Panalinso china chimene sankauza munthu. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, iye mwini analangiza bambo ake omubala kuika penshoni yawo yonse m'kampani imodzi. Kampaniyo inagwa. Bambo akewo sanamudzudzule ngakhale kamodzi. Anangosiya kulankhula. Ankadya chete, kukhala pakhonde chete, mpaka tsiku limene anawapeza atauma pampando, maso ali kumsewu. Kuyambira pamenepo, nkhalamba iliyonse yokhala kutsogolo kwa tebulo lakeli inkavala nkhope yawo.

"Bambo," anatero Mlangizi, "msika uli ngati mtsinje. Lero wadzaza, mawa waphwa. Ukaphwa mukagona kuti?"

"Mayi akunyumba aganizira zonse."

"Ndiye ndipatseni ndilankhule nawo."

Ankayembekezera kuti akana. Koma Aphunzitsi anaimba, nakweza mawu a foniyo, n'kuiika pakati patebulo mosamala ngati dzira.

"Mwanawe, ndiwe umandisungira mdala wangayu?" Mawuwo anali ofewa, osasa pang'ono, a mayi wachikulire. Anatsokomola, napepesa. "Zikomo kwambiri. Amwa mankhwala awo a mtima m'mawa uno? Usawafunse, akunamiza. Zaka makumi anayi ndikuwauza zochita, kumvera ayamba posachedwapa."

Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta m'maso. Mlangizi naye anadzipeza akumwetulira, ngakhale sanafune.

"Mayi, nyumba ndi nyumba," anatero. "Masheya sakutetezani kumvula."

"Nyumba ija yatikulira, mwanawe. Ana anakula n'kupita. Zipinda zinayi, mdala yekha kumangoyendayenda ngati mlonda. Ine sindithanso kuisesa. Iwowa akakhala kwa mwana wathu wamkazi."

"Nanga inuyo?"

"Ine sindifuna malo ambiri." Anaseka pang'ono. "Tamvera. Makina aja ali ndi njala yosatha, ndipo chakudya chawo ndi matchipi. Wophikira anjala sagona ndi njala. Koma iwe mawu ako akulemera. Ukumveka ngati munthu amene wasenza mwala kwa nthawi yaitali. Utule, mwanawe. Chisankho ichi ndi chathu, si chako."

Mlangizi anayang'ana kudenga kuti misozi ibwerere. Kwa zaka zisanu ndi zitatu palibe anali atamuuzapo mawu ngati amenewo. Anachita manyazi ndi mayi wa zibangili amene anamupanga m'mutu mwake. Awa anali anthu awiri okalambira limodzi, amene anakhala pansi n'kugwirizana chimodzi. Iye anali ndani kuti aime pakati pawo?

Anatenga cheke chija. Anadzaza mafomu, nasonyeza Aphunzitsi posaina, katatu. Anadinda chidindo, natumiza zonse pakompyuta. Panja mvula inali itayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhalamba yokhala kutsogolo kwake inaoneka ndi nkhope yakeyake.

Chitseko chinatseguka osagogoda. Analowa mayi wa zaka ngati za Mlangizi, atanyowa, akupuma mwawefuwefu.

"Ababa! Ndapita kunyumba, ndapeza anthu achilendo akuyeza makoma. Akuti ndi yawo. Mwachita chiyani?"

Aphunzitsi anaweramitsa mutu. Mlangizi anaimirira msanga kuti awateteze.

"Mtima pansi, achemwali. Sanachite okha. Amayi anu avomereza zonse, ndangolankhula nawo ndekha."

Mayiyo anagwira felemu la chitseko ndi manja onse awiri.

"Amayi tinawaika m'manda zaka ziwiri zapitazo," anatero motsitsa. "Mawu awo ndinawalowetsa ndine m'makina oganiza aja a pafoni, kuti ababa asamasungulumwe."

Patebulo paja foni inali isanadulidwe.

"Ndiwe kodi, mwana wanga?" inafunsa. "Wadya?"