Tikiti ya Kuseri kwa Golo

Chigoli chachitatu chitalowa, mayi wina wogulitsa nsapato za kaunjika anakokera mpango kumaso. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa.

Unali mpikisano wa matimu a amayi a mayiko oyandikana, ndipo eni bwalo ankakwapulidwa pakhomo pawo pomwe. Zigoli zonse zitatu anamwetsa mtsikana mmodzi wa timu ya alendo, wamanzere, wovala nambala naini. Mpira womalizawu unadutsa pakati pa miyendo ya goloboyi. Basi anthu a kuseri kwa golo, omwe pakamwa pawo palibe chitseko, anayamba kutukwana goloboyiyo, mphunzitsi wake, mpaka amene anamubereka.

Mayiyu anali asanapondepo pabwalo la mpira. Tikiti anachita kumutumizira mwana wake kudzera kwa dalaivala wa basi, pamodzi ndi kakalata: mukakhale kuseri kwa golo, ndikakuoneni. Kubwera anabweradi, koma anakhala chowerama, kambendera ka dziko lake kali pamiyendo. Akanadzutsa bwanji mutu? Si iye yemwe ankaboola mipira ya mwanayo ndi mpeni? Si iye, wogulitsa nsapato, amene anamumana ngakhale peyala imodzi, n'kumati mtsikana wothamanga ndi anyamata sadzakwatiwa? Zaka zisanu ndi zitatu zinatha osalankhulana.

Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali pake anaona misozi ikunyowetsa mpango.

"Mayi, muli ndi mwana m'bwalomu?"

Mayiyo anavomera ndi mutu.

Bamboyo, yemwe anali atangotukwana kumene, anayang'ana goloboyi uja akutola mpira mu ukonde atazyolika.

"Pepani, mayi, pakamwa pangapa sipamva. Mwana wanu wayesetsa, kungoti nambala naini uyu ndi chilombo. Dziko lathu likanakhala ndi wotere, bwenzi pano tikuvina ndife."

Mawu amenewa anamubaya mayiyo kuposa kutukwana konse kuja.

"Linali naye," anayankha motsitsa mawu. "Ndinamukweza basi ndine, kupita kwawo kwa bambo ake kutsidya kwa malire, kuti akaiwale mpira."

Kutsogolo kwa mpanda wa waya, nambala naini sankavina ndi anzake. Anali atagwada, manja pamodzi, maso akusakasaka mayi ake m'khamulo.