Tsamba losowa m'Baibulo la m'kabati

Tsambalo silinang'ambike lokha. Linachita kudulidwa ndi lezala, mowongoka bwino, wodulayo n'kusiya kam'mphepete kopyapyala mkati.

Mayi wa saluni anatseka Baibulolo msangamsanga ngati lamuwotcha. Linali mphatso ya pa ukwati wake, lachikuto chakuda, ndipo linkakhala m'kabati yagalasi pabalaza, pakati pa makapu a alendo. Ana ake ankalidziwa lamulo: limenelo n'loona ndi maso basi. Wachisamba atalikhudza ndi manja amatope ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, analandira khofi loti sadzaliiwala. Kutchalitchi mayiyu ankangonyamula buku la nyimbo, poti mavesi alipo owerenga kutsogolo.

Tsikuli analitsitsa chifukwa amayi anzake anamusankha kuti Lachinayi akalankhule za kulera ana, ndipo anamupatsa vesi la m'buku la Miyambo. Anaona kuti bukulo latupa, silikutsekeka bwino, koma anati ndi chinyezi cha dzinja. Anafufuza kuyambira kumapeto, chala chili kumalovu, mpaka anafika pamalopo. Tsamba la vesi lakelo ndi lomwe panalibe.

Sanavutike n'kuganiza. Musaluni nkhani zimabwera zokha, ndipo anali atamva kangapo kuti anyamata osuta fodya wamkulu amakonda pepala la Baibulo, ati ndi lofewa, limapichirika bwino. Nthawi imeneyo ankapukusa mutu n'kumvera chisoni amayi a ana otero. Lero chisonicho chinamubwerera yekha.

Wachisamba uja tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ankaphunzira kuwotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Madzulo ankabwera maso ali psuu. Akafunsidwa ankati ndi moto wa kuntchito. Anali atasiya mpira, atasiya kucheza pamsewu, kuyankhula kwake kochita kukoka. Kasitomala wina anali atanenapo, mutu uli m'beseni, kuti amamuona mnyamatayo masana atakhala yekha kuseri kwa shedi, ataweramira kapepala. Ndipo mwezi wathawu, pochapa ovolosi yake, mayiyu anapeza m'thumba lezala ndi kachubu ka guluu. Za ana onunkhiza guluu anali atazimvanso.

Utsi sufuka popanda moto. Mantha anamugwira, mkwiyo n'kubwera pambuyo. Mwana amene sanajombepo Sande sukulu! Ndi manja ake ankamusitira malaya Loweruka lililonse, kumuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Kodi mayi angachitenso chiyani choposa pamenepo?

Mwamuna wake anali pa ulendo ndi lole, wobwera kumapeto kwa mwezi. Choncho mayiyu anaimbira mchimwene wake wobadwa naye, msilikali wopuma yemwe anali ndi munda kutali. Anagwirizana kuti Loweruka malume adzabwera kudzamutenga mnyamatayo. Zowotcherera zithere pomwepo, akagwire khasu mpaka utsi umuchoke m'mutu. Chikwama mayiyu analongedza yekha, akulira, n'kuchikankhira pansi pa bedi.

Komabe ankafuna kuona ndi maso ake awiri, kuti pasadzakhale zokanakana. Mawa lake anasiyira mnzake saluni, nabwerera kunyumba n'kubisala kuchipinda, chitseko atachisiya pang'ono. Kudzera pampatapo kabati inkaoneka yonse.

Nthawi ya chakudya chamasana loko analira. Mnyamatayo analowa, anamvetsera kaye, kenako anapita kusinki. Anasamba m'manja nthawi yaitali, ndi sopo, mpaka m'zikhadabo. Wakuba waulemu, anatero mayiyu mumtima. Mnyamatayo anakankha galasi la kabati mwachizolowezi, osagunda kapu ngakhale imodzi. Anaika Baibulo patebulo, natulutsa lezala ndi guluu.

Mayiyu anatulukira ngati mphepo.

"Ndakupezerera lero. Mawu a Mulungu ndiye wapeza popichirira fodya wako?"

Mnyamatayo anadzidzimuka, lezala n'kugwera pansi. Anayesa kunena kuti si choncho, koma mayi ake sanamupatse mpata. Anamuuza za manyazi, za chikwama chomwe chili pansi pa bedi, za malume ake omwe akubwera Loweruka. Anamukumbutsa za malaya onse amene anamusitira. Pomaliza anatambasula dzanja.

"Tulutsa zonse zili m'thumbamo."

Mnyamatayo anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa. Anatulutsa kapulasitiki koyera, kopindidwa bwino. Mkatimo munalibe fodya. Munali tsamba la Miyambo lija, lathunthu, lopanda ngakhale kadontho ka girizi.

"Ndikanatenga Baibulo lonselo mukanaona kuti mulibe m'kabati, amayi. Ndiye ndimangobwereka tsamba limodzi patsiku, n'kukawerenga."

Mayiyu anakokera Baibulo kwa iye, nayamba kutsegula chobwerera m'mbuyo. Masalimo, Yobu, Mafumu, mpaka Genesis: tsamba lililonse linali ndi kamzere ka guluu m'mphepete, lomatidwa mwaluso pamalo pake.

"Ndinayamba chaka chatha, Janyuwale," anatero mnyamatayo motsitsa mawu. "Ndinkayesa mudzazindikira sabata yoyamba yomwe."