Chitedze cha Bambo Ossufo

Loweruka lachitatu anapeza zikhomo za malire a dimba zitazulidwanso. Lurdinha anaponya chingwe pansi, thukuta la makilomita khumi lisanaume. Panalibe chofunsa. Bambo Ossufo anali pachitsa chawo cha masiku onse, kuseri kwa mpanda wa sukulu, akumuyang'ana ngati anawabera nkhuku.

Gulu la Lurdinha, anthu khumi ndi anayi othamanga m'mawa mu Mandimba, linalonjeza ana a sukuluyo dimba. Malo analipo, thengo la pakati pa sukulu ndi njira yakale ya ku Mitande. Sekeretaliyo wa bairo, mkulu wa dera lawolo, anavomera, mbewu za kabichi ndi matimati zinagulidwa. Chotsala chinali nkhalamba imodzi basi.

Ndipo inali nkhalamba youma mtima, tisabise. Malowo sanali awo. Sankalimapo, sankadutsapo, mbuzi yawo ankaimanga ndi chingwe chachifupi kuti isafikepo. Koma pangodya ya kumunsi, pafupi ndi mango wouma, panali chitedze chowirira, ndipo bairo yonse inkadziwa kuti amachibzala okha chaka ndi chaka. Munthu wamutu wake kubzala chitedze pafupi ndi sukulu! Mwana akangoyandikira ankamulasa ndi legeni. Makolo anadandaula mpaka pakamwa kuuma.

Sabata yoyamba anawatukwana kuti ndi mbuli zosowa chochita, zothamanga popanda chozithamangitsa. Yachiwiri, Juma, wachiwiri kwa Lurdinha pagulupo, anayatsa moto kuti atenthe thengolo. Iwo anauzima ndi ndowa ziwiri za madzi, nkumupirikitsa ndi mpini. Lurdinha anapirira chifukwa cha imvi zawo.

Koma lero mayi ake anali atabwera kudzaona ntchitoyo. Anakhala pamthunzi, ndodo zawo zoyendera zili pambali. Mwendo wawo wakumanzere unatsala munjira yakale ija, chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku Malawi, iwo ali mtsikana. Lurdinha ankati akamathamanga amathamangira mayi akewo. Kuti anyozeke pamaso pawo, zimenezo ayi.

Anauza anzake kuti ayambira pangodya ya chitedze yomweyo, nkhaniyo ithere pamenepo. Anavala matumba m'manja, nazinga kapulana, chitenje chake, m'khosi, nanyamula khasu.

Bambo Ossufo anadzuka. Anayenda m'mphepetemphepete monga mwa chizolowezi chawo, nkumutchingira kutsogolo.

"Bwerera, iwe."

"Agogo, kaduka kameneka kadzakuphani. Anawa anakulakwirani chiyani? Chokani, apo ayi ndikulimirani limodzi ndi chitedze chanucho."

Sanasunthe. Anamulavulira pansapato zake zothamangira, zomwe anagula ku Cuamba. Apa gulu lonse linawira. Wina anati aitane apolisi, wina anati mfiti saiitanira apolisi. Juma sanadikire zonsezo, anangowakankha paphewa. Nkhalambayo inagwa chagada m'fumbi, ndipo palibe anaimvera chisoni. Ana omwe ankaonerera pampanda anaomba m'manja.

Lurdinha anawalumpha. Anaponda kawiri, chitedze chili pamphuno pake, nakweza khasu. Pomwepo anamva zala zouma zitamugwira pakakolo. Anayesa kukutumula, koma zinakanirira.

Bambo Ossufo anali atakwawa chamimba. Maso awo sanali pa iye. Anali pa mayi a pamthunzi aja, omwe kwa zaka makumi atatu ankawalambalala pamsika osawapatsa moni. Mawu awo anamveka mpaka kumpanda.

"Nthawi ya nkhondo ndinakwirira mabomba atatu muno, ndi manja angawa. Limodzi analifukula anthu a makina ofufuzira mabomba aja. Lina ndi lomwe linadya mwendo wa mayi akowo. Lachitatu lili pansi pa chitedzecho."