Ng'ona ya m'chimbudzi cha ku Bangwe

Panali bambo wina ku Bangwe, dzina lake Onesimo, kalipentala wochokera ku Nsanje. Amene anandiuza nkhaniyi amakhala naye pa poloti imodzi, ndipo akuti zinachitikadi.

Onesimo anali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, Angela. Pa poloti pawo panali chimbudzi chimodzi chokumba cha mabanja asanu, chibowo chake chachikulu, m'mbali mogumuka. Kwawo ku Nsanje ana amawaopseza ndi ng'ona kuti asayandikire mtsinje, ndiye iyenso anachita zomwezo.

"Angela, usamasewere uko. M'dzenjemo muli ng'ona, imaluma ana."

Mwana anamva. Ankachita chimbudzi pa poti, ndipo bambo ake ankadzitama kuti ali ndi mwana womvera.

Kenaka mkazi wa Onesimo anapita kumudzi kukadwazika mayi ake. Kuphika kwa bamboyu kunali kwa anthu othamanga: m'mawa tiyi ndi buledi, masana zigege, madzulo chipisi. Mwezi womwewo alandilodi analamula kuti za mapoti zithe, akuti zikubweretsa ntchentche, mwana aliyense woyenda azilowa m'chimbudzi.

Onesimo anali ataiwala kalekale bodza lake. Angela sanaliiwale.

Akamutengera kuchimbudzi ankakuwa, n'kugwira chitseko ndi manja onse. Akamva kuti chimbudzi chabwera ankabisala kuseri kwa mpando, atapanikiza miyendo, thukuta lili kamukamu. Atakanika kupirira, chinatuluka cholimba ndi timagazi. Kuyambira pamenepo anasiyiratu. Panadutsa sabata. Kenaka panti wake anayamba kuda ndi zamadzimadzi.

Mayi Janet, oyandikana nawo amene amagwira ntchito ya zaumoyo, anamuitana Onesimo pambali.

"Bambo a Angela, tagwirani mimba ya mwanayu, yalimba ngati thabwa. Wadzimbidwa uyu. Pitani naye kuchipatala lero."

"Wadzimbidwa bwanji pamene ndikuchapa mapanti atatu pa tsiku? Watsegula m'mimba, komanso ndi mwano chabe. Mayi ake anamulekerera."

Mawa lake mu minibasi munakwera munthu wogulitsa mapilitsi m'chikwama, wa pakamwa potsekemera. Onesimo anamufotokozera vuto lake.

"Bigi, apa mwafika," anatero munthuyo. "Awa amatseka nthawi yomweyo. Theka m'mawa, theka madzulo."

Onesimo anagula, osafunsa ngakhale dzina la mankhwalawo. Anatsekadi. Patapita masiku atatu Angela anakana chakudya, anayamba kusanza, mimba itatupa. Apa ndiye bambo uja anabereka mwana kumbuyo n'kuthamanga naye kuchipatala, makani onse atamuthera.

Anesi atamupima mwanayo anamuyang'ana Onesimo.

"Bambo, mwanayu sanatsegule m'mimba. Chimbudzi chinauma n'kutseka njira, zamadzi zija zimangodutsa m'mbali. Inu mwamupatsanso mankhwala otseka. Mukanachedwa tikanakamba zina."

Kenaka anagwada pafupi ndi mwanayo. "Angela, n'chifukwa chiyani sufuna kupita kuchimbudzi?"

Mwana anayang'ana bambo ake kaye, n'kunong'ona: "Muli ng'ona. Adadi ananena. Inandiluma kale, ndinaona magazi."

Onesimo anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Masiku onsewo ankakalipira mwana chifukwa chomvera mawu ake omwe.

Angela anagonekedwa masiku awiri mpaka m'mimba munayera. Potuluka anapatsidwa mankhwala ofewetsa chimbudzi oti amwe kwa nthawi yaitali. Anesi anati azimwa madzi ambiri, azidya papaya, masamba ndi phala la mgaiwa, azikhala pa chimbudzi pang'ono akatha kudya, koma asakakamizidwe kapena kukalipiridwa.

"Ng'onayi ndinaiyikamo ndine," Onesimo anauza mayi Janet. "Ndiichotsanso ndekha."

Anapita kwa alandilodi n'kunena mosapita m'mbali kuti poti abwerera mpaka mwana achire, ndipo chimbudzi achikonza yekha. Tsiku lomwelo sanapite kuntchito. Anatenga matabwa olimba n'kutseka pogumuka paja. Anakhoma kampando ka kabowo kakang'ono ndi popondera mapazi, n'kuboola kawindo kuti muziwala. Atamaliza anakhala pansi pamaso pa mwana wake.

"Angela, ndinakunamiza. Mulibe ng'ona. Ndinkaopa kuti ungagweremo. Chinakupweteka chija ndi chimbudzi cholimba, ndipo mankhwalawa akuchifewetsa. Undikhululukire."

"Lowani inuyo kaye," anatero mwanayo.

Onesimo analowa n'kukhala pa kampando kaja, chitseko chili chotsegula, azimayi a pa poloti akuseka mpaka kugwira nthiti. Iye sanasamale. Anachita zimenezo m'mawa uliwonse. Sabata yoyamba Angela ankangoima patali. Yachiwiri anafika pakhomo n'kusuzumira. Tsiku lina anadziipitsira, bambo ake anangochapa osamukalipira. Anzake a kuntchito ankamunena kuti wasanduka nesi, iye n'kumangodula papaya wake.

Sabata yachinayi, atatha kumwa phala, Angela ananyamuka yekha.

"Adadi, muime pakhomo. Musachoke."

"Sindichoka, mwanawe."

Angela analowa m'chimbudzi muja. Kenaka mawu anamveka poloti yonse:

"Adadi! Ndachita! Sinandilume!"

Onesimo, bambo wa ndevu zake, analira ataimirira pakhomo pa chimbudzi.

Phunziro: Makolo anzanga, musaopseze mwana ndi chimbudzi, chifukwa inu mudzaiwala koma iye sadzaiwala. Mwana amene akubisala, kupanikiza miyendo kapena kudetsa panti mimba ili yolimba sakuchita mwano, akumva ululu ndi mantha. Musamumenye, musamugulire mankhwala a m'chikwama, pitani naye kuchipatala msanga. Ndipo ngati munamunamiza, musachite manyazi kupepesa. Tumizirani uthengawu kholo lililonse limene mukulidziwa, mwina pali mwana wina amene akupirira mwakachetechete lero.